Kodi chuma cholandidwa pankhondo n'cha ndani?

Mwafunsa ngati zinthu zamtengo wapatali zimene asilikali anafunkha zaka zoposa 100 zapitazo sizinasanduke za amene anapambana nkhondoyo, popeza kalelo kufunkha sikunkawerengedwa ngati mlandu. Ine ndikuona kuti mfundo imeneyi njosalimba, ndipo amene anaigwetsa ndi Azungu eni ake.

Mu 1797 asilikali a Napoleon anatsitsa mahatchi anayi amkuwa pa tchalitchi cha San Marco ku Venice n'kupita nawo ku Paris. Napoleon atagonja ku Waterloo mu 1815, maiko opambana anakakamiza France kubweza zambiri mwa zimene inalanda, ndipo mahatchiwo anabwerera chaka chomwecho, ngakhale kuti nawonso anthu a ku Venice anachita kuwafunkha ku Constantinople mu 1204. Choncho pofika nthawi imene ankathira nkhondo mafumu a mu Africa, Azungu ankadziwa kale kuti kugonjetsa munthu sikukupatsa umwini wa chuma chake. Lamuloli ankalisunga pakati pawo pokha.

Taonani zimene zinachitika ku Maqdala, ku Ethiopia, mu 1868. Mfumu Tewodros II itadzipha, asilikali a Britain anasesa zisoti zachifumu, mitanda ndi mabuku opatulika olembedwa pamanja, moti panafunika njovu 15 ndi nyulu pafupifupi 200 kuti zinyamule katunduyo kupita kumene anakamugulitsa kwa wopereka ndalama zambiri. Mu 1871 nduna yaikulu ya Britain William Gladstone inanena m'nyumba ya malamulo kuti ikumva chisoni kuti zinthuzo zinachotsedwa kwawo. Tinganene bwanji kuti anthu a nthawiyo sankaona cholakwa?

Ku Benin City, m'dziko limene lero ndi Nigeria, zinachitikanso mu February 1897 pamene asilikali a Britain analanda mzindawo. Mzinda unatenthedwa, Oba (mfumu ya kumeneko) Ovonramwen anathamangitsidwira ku Calabar, ndipo zinthu zikwizikwi zamkuwa ndi zaminyanga ya njovu zinamwazikira ku Ulaya ndi ku America. Mitu yamkuwa imene lero ili m'magalasi inkakhala pa maguwa a makolo a mfumu, uliwonse utasenza mnyanga wosemedwa. Sizinali zokongoletsera nyumba ayi.

Kumbali ya malamulo, ndivomereze kuti olandidwa ali pamalo ovuta. Mapangano a ku The Hague a 1899 ndi 1907 analetsa kufunkha, la 1954 linateteza chuma cha chikhalidwe pa nthawi ya nkhondo, ndipo la UNESCO (nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe) la 1970 linaletsa malonda ozembetsa zinthu zoterezi, koma palibe limene limakhudza zimene zinachitika lisanakhazikitsidwe. British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ku London, imene ikusunga zinthu za ku Benin City pafupifupi 900, imabisala kumbuyo kwa lamulo la 1963 loiletsa kupereka katundu wake. N'chifukwa chake mu 2024 iyo pamodzi ndi Victoria and Albert Museum inangobwereketsa kwa zaka zitatu zinthu 32 zagolide ndi siliva kwa mfumu ya Asante ku Kumasi, m'dziko la Ghana, zambiri zolandidwa mu 1874. Kubwereketsa mwinichinthu katundu wake yemwe, kunena zoona, n'chipongwe. Komatu lamulo limapangidwa ndi anthu. France inakhazikitsa lamulo lapadera mu 2020, ndipo chaka chotsatira inabweza ku dziko la Benin (osati Benin City ya ku Nigeria ija) zinthu 26 zimene zinatengedwa mu mzinda wa Abomey m'dzikolo mu 1892. Paja mlandu suwola.

Funso limene limandivuta ine si lakuti zibwezedwe kapena ayi, koma lakuti zibwezedwe kwa yani, chifukwa maufumu amene analandidwa si maiko amene alipo lero. Germany inapereka umwini wa zinthu za ku Benin City zoposa 1,000 ku boma la Nigeria mu 2022, kenako mu 2023 Pulezidenti Muhammadu Buhari analengeza kuti mwini wake ndi Oba Ewuare II. Ena ku Ulaya ananyinyirika kuti chumacho chikathera m'nyumba ya mfumu m'malo mooneka kwa anthu onse. Dandaulolo ndikulimva, koma zinthuzo zinachotsedwa m'nyumba ya Oba, ndipo kumene zizikhala ndi nkhani yoti boma la Nigeria, Oba ndi anthu ake a mtundu wa Edo akambirane, osati amene akubweza.