Kujambula chipale chofewa pa nsalu ya kutchalitchi

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake chipale chofewa chimene mwajambula pa nsalu ya Yesaya 1:18 chikuoneka ngati khoma lopaka laimu. Vuto ndi penti woyera yekhayekha. Chipale chimawala chifukwa cha mithunzi yake yabuluu. Kuti mupeze penti wa mithunziyo, sakanizani masupuni 10 a penti woyera ndi supuni imodzi ya wabuluu, mudonthezemo wabulauni pang'ono. Wakuda ayi, amadetsa zonse. Yambani ndi mithunzi, iume kaye, kenako pakani woyera weniweni pokhapo pamene dzuwa likumenya. Kufiira kwa machimo kumene vesilo likunena kuikeni pafupi, kuyerako kudzaonekera bwino. Kuno ku Harare chipale sichigwa, koma mu June lawirirani mukaone chisanu pa udzu dzuwa likamatuluka: kumthunzi chabuluu, kudzuwa chonyezimira.