Mwana wanga akuphunzira nkhani ya kuchikuta kusukulu

Funso: Ndine mayi wa ku Luchenza. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3. Mwa nkhani zomwe akuphunzira muli ina ya dokotala yemwe anachezera usiku wonse kuthandiza mayi woyembekezera, mpaka mayiyo ndi khanda lake anapulumuka. Ine sizikundisangalatsa, pakuti kwathu za kuchikuta mwana sauzidwa. Komanso chiwerengereni nkhaniyi akungoti adzakhala dokotala. Nditani?

Yankho: Mayi, nkhawa yanu ndaimva, ndipo sindikuipeputsa. Tinakula tikuuzidwa kuti mwana wakhanda amakamugula kuchipatala. Komabe ndikupempheni kuti mumulole awerenge. Chomwe aphunzitsi akufuna m'nkhaniyi si zinsinsi za anamkungwi ayi. Akufuna aone munthu amene wagwira moyo wa anthu awiri m'manja mwake, tulo tili m'maso, koma osachoka. Paja akuluakulu amati wapakati ali pakati pa moyo ndi imfa.

Pa mayeso a MSCE ana ambiri amaluza malikisi pa chinthu chimodzi. Akafunsidwa khalidwe la mtengambali wamkulu amangolemba kuti "ndi wodzipereka" n'kuima pomwepo. Wochonga wa MANEB, bungwe loyendetsa mayesowa, amafuna umboni wochokera m'nkhani momwemo. Wodzipereka pochita chiyani? Anasiya chiyani kuti akhale pamenepo? Zitafika pothina, anayamba kuthandiza ndani, ndipo chifukwa chiyani? Mwana wanu awerengenso ndi pensulo m'manja, azichonga paliponse pomwe dokotalayo akanatha kugwa ulesi koma anapitiriza. Aonenso nthawi ndi malo: mlembi sasankha usiku mwangozi, usiku othandiza amachepa ndipo mantha amakula. Apeze pampondachimera, pamene mtima wa wowerenga uli m'mwamba. Inu mungamuthandize ngakhale bukulo musanaliwerenge. Madzulo mukatha kudya, akufotokozereni nkhaniyo pakamwa, inu muzingomufunsa kuti "wadziwa bwanji?" Funso lomwelo ndilo akakumane nalo pa pepala.

Tsono za udokotalazo. Nkhani imayatsa moto, koma nkhuni zake ndi Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu, osaiwala Chingerezi. Madokotala amaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Malo ndi ochepa, olimbirana ndi ambiri, ndipo amasankhidwa kudzera ku National Council for Higher Education, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Kungokhoza makirediti 6 sikokwanira, pamafunika mapointi abwino kwambiri pa maphunziro a sayansi. Ndiye popeza ali Fomu 3, nthawi yokonza ikadalipo.

Chimene ndikufuna mumve kwambiri n'chakuti khomo si limodzi. M'zipatala zathu zambiri, amene amachezera ndi mayi pochira ndi namwino yemwenso ndi mzamba, ndipo opareshoni ikafunika nthawi zambiri amachita ndi clinical officer, wachipatala wophunzitsidwa kugwira ntchito zina za dokotala. Anthu amenewa amaphunzira kufupi ndi kwanu komweko: ku Malamulo College of Health Sciences ku Makwasa, komanso ku sukulu ya anamwino ndi azamba ya ku Mulanje Mission. Ndimamva chisoni mwana akataya mtima chifukwa sanasankhidwe ku yunivesite, pomwe ntchito yeniyeni imene anaikonda m'nkhani ija ili pakhomo pake.

Muuzeninso zoona. Ntchitoyi ili ndi magazi, kugona pang'ono, ndi masiku ena omwe mayi amataya magazi ambiri kapena khanda limabadwa lobanika osalira, ndipo sizitha bwino monga m'buku. Ngati mumadziwana ndi namwino wina kutchalitchi kapena m'mudzi, mupempheni acheze naye patchuthi chikubwerachi, amuuze mmene usiku wa kuchipinda chochilira umakhalira. Akabwerako akadali ndi mtima womwewo, yambani kusunga kangachepe ka fizi, ndipo mukaonane ndi mphunzitsi wake wa Chemistry teremu ino isanathe.