Mwana akufuna kulemba mabuku a ana: zimene moyo wa Beatrix Potter ukuonetsa

Mayi wina wafunsa kuti: "Mwana wanga wamkazi ali mu Fomu 4, makope ake angodzaza zithunzi za akalulu ndi mbalame. Akuti akadzamaliza MSCE azidzalemba mabuku a ana. Kodi ndi ntchito yoti munthu n'kudyerapo imeneyi?"

Mayi, n'kudyerapo ndithu, koma osati msanga. Taonani mmene zinamuyendera Beatrix Potter wa ku England, mlembi wa The Tale of Peter Rabbit, buku la ana lonena za kalulu wotchedwa Peter.

Anabadwira ku London mu 1866 ndipo ankaphunzira kunyumba. Buku lake loyamba la kaluluyo linatuluka ali ndi zaka 35. Zaka zonse zam'mbuyozo ankajambula. Akalulu ndi mbewa ankaweta m'nyumba momwemo n'kumaziyang'anitsitsa. Anajambulanso bowa wamitundumitundu, mpaka analemba pepala la sayansi lonena za kameredwe ka bowa, limene linaperekedwa ku bungwe la akatswiri a zachilengedwe la Linnean Society mu 1897, iye mwini palibe, poti akazi sankaloledwa pa misonkhano imeneyo. Poti ankayang'anitsitsa zamoyo chonchi, kalulu wa m'buku lake, ngakhale wavala jekete yabuluu, miyendo ndi makutu n'za kalulu weniweni. Muuzeni mtsikana wanu kuti Biology asaitaye, ndipo azijambula nkhuku yeniyeni ya pakhomopo ikamapalasa, osangokopera makatuni a pa foni.

Nkhani ya kaluluyo inayamba ngati kalata. Mu 1893 analembera kamnyamata ka zaka 5 kamene kanali kudwala, mwana wa mphunzitsi wake wakale, n'kujambulamo tizithunzi. Apa m'pamene olemba atsopano ambiri amaphonya: amalembera "ana onse", mapeto ake nkhani imasanduka ulaliki wa makhalidwe abwino. Wolembera mwana mmodzi amadziwa mawu amene mwanayo angamve. Mtsikana wanu asankhe msinkhu umodzi, tinene wa Sitandade 2, alembe mawu osapitirira 1,000, kenako awerengere mokweza ana anayi kapena asanu oyandikana nawo. Pamene anawo ayamba kutsinana kapena kuyang'ana kumbali, achonge ndi pensulo. Pamenepo m'pofunika kudula. Akatero atenge mapepala 8 a A4, awapinde pakati onse pamodzi: atuluka masamba 32, kukula kwa mabuku ambiri azithunzi. Agawe nkhaniyo m'masambamo kuti chodabwitsa chizibwera mwana akangotembenuza tsamba.

Makampani angapo osindikiza anam'kanira Potter. Mu December 1901 anasindikiza yekha makope 250 ndi ndalama zake, zithunzi zam'kati zili zopanda mtundu. Mu 1902 kampani ya Frederick Warne inalitulutsa bukulo zithunzi zitapakidwa mitundu. Iye ankafuna kuti likhale laling'ono, lokwana m'manja mwa mwana, komanso lotsika mtengo. Taonaninso chiwerengerocho: 250, osati masauzande. Kusindikiza ochuluka musanadziwe wogula kumasiya makatoni pansi pa bedi, chiswe n'kumadya.

Tsono pa nkhani ya ndalama. Kampaniyo sinalembetse umwini wa bukulo ku America, ndipo kumeneko anthu anayamba kusindikiza makope awoawo osam'patsa kalikonse. Potter anachenjera: mu 1903 anasoka yekha chidole cha Peter Rabbit n'kuchilembetsa m'dzina lake, ndipo katundu wotere ankam'bweretsera ndalama zina pambali pa mabuku. Mu 1917 mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo anamangidwa pa mlandu wachinyengo, kampani inatsala pang'ono kugwa, Potter ali ndi ndalama zake momwemo. Ndiye mwana wanu asadzasaine pangano asanaone zinthu zitatu: kodi akugulitsiratu umwini kapena azilandira gawo pa buku lililonse logulidwa, gawolo ndi maperesenti angati, ndipo akuwerengera pa mtengo wa m'sitolo kapena pa ndalama yofika ku kampani, nanga womasulira m'zinenero zina ndi wopanga zidole azilipira ndani. Kuno kwathu za umwini wa zolemba amafunsa ku bungwe la COSOMA.

Pali chimodzi chimene sitikubisirani. Potter anali wa m'banja lolemera, kudikira zaka zonsezo sanagone ndi njala. Wanu mwina sizili choncho. Alembe MSCE mwakhama, atenge kosi yopatsa malipiro, makamaka uphunzitsi wa pulayimale, umene umam'khazika munthu tsiku lililonse pakati pa ana omwe akufuna kuwalemberawo, kapena luso lojambula pa kompyuta. Zing'onozing'ono ayambe kugulitsa panopa. Potter anayambira pa zithunzi za makhadi a Khirisimasi mu 1890.

Ndipo musadabwe akadzasintha njira. Mu 1905 Potter anagula famu ya Hill Top ku dera la Lake District, kumpoto kwa England, mbali ina ndi ndalama za mabuku. Anakwatiwa mu 1913 ali ndi zaka 47, maso atayamba kufooka anachepetsa kulemba, mtima wonse unapita ku nkhosa za mtundu wa Herdwick. Pomwalira mu 1943 anasiyira bungwe losamalira malo achilengedwe ndi a mbiri yakale la National Trust malo oposa maekala 4,000.