Yankho kwa alamu za ulendo wa ku Zomba uja

Alamu, mwaswera bwanji ku Salimako? Pepani uthenga wanu ndauona mochedwa, foni inali pa chaji kwa aneba. Kulemba ndiye sinditha, manja atopa ndi kupeta mpunga, ndingoyankhula, mumvetsera mukapeza mpata. Paja mwafunsa kuti nyumba ya Bwanamkubwa tinakaona ndi ana ku Zomba holide yapita ija amalola kulowamo kodi, komanso ngati n'koyenera kuthera ndalama ya mafuta. Eya.

Choyamba, nyumbazo ndi ziwiri, anthu amazisokoneza. Pali State House, imeneyo iwalani. Pageti pali asilikali, mumangoona mpanda ndi mitengo mukudutsa pamsewu. Wachisamba wanga uja anatulutsa foni kuti ajambule, ine ndinachita kumumenya padzanja, ndati iwe ukufuna tigone kupolisi? Anu aja muwauziretu ali m'galimoto. Imene tinalowa ife ndi ina, yakale kuposa imeneyo, cha kufupi ndi nyumba ya malamulo yakale ija. Pano ndi hotela, amati Masongola. Tinangofika, kupereka moni, kugula zakumwa za ana, n'kupempha kuti tizungulireko panja ndi pakhonde. Basi.

Achimwene anu mukuwadziwa, uphunzitsi savula ngakhale pa holide. Tisanatsike n'komwe anali atayamba kale. Akuti nyumbayi inamangidwa mu 1886, anamanga ndi John Buchanan, mzungu wolima khofi, kumangira kazembe wa Britain dzina lake Hawes. Ndiye kuti nthawi imeneyo dziko lino azungu anali asanalitenge n'komwe, analitenga mu 1891, ndipo Harry Johnston, woyamba kulamulira uja, anadzakhala m'menemo. Dzina loti Nyasaland ladza pambuyo, 1907. Ana kumangoyasamula. Chimene chinawadzutsa ndi dzina la nyumbayo. Ili ndi nsanja ziwiri, ina uku ina uku, madenga ake osongoka ngati pensulo, ndiye Ayao a kumeneko poona anangoti masongola. Mzime wanga anaseka mpaka kukhala pansi, akuti nyumba yovala zipewa za mfiti.

Koma alamu, ndinene zoona, ine nditaiona ndinakhumudwa kaye. M'mutu mwanga ndinali nditamanga chinyumba choti kuyang'ana pamwamba mpaka duku kugwa. Ayi ndithu. Ndi nyumba yabwino, ya njerwa, makoma ochindikala, khonde lalitali lozizira bwino, koma nyumba za anthu a mabizinesi ku Lilongwe zilipo zambiri zoiposa. Mzime yemweyo anafunsa mokweza, antchito akumva, kuti amayi, dziko lonse ankalilamulira m'kanyumba kameneka? Manyazi ake!

Amayi ndi amene anasintha zinthu. Paja tinawatenga, ngakhale ankakana kuti miyendo. Anakhala pampando pakhondepo, chete, akuyang'ana kumunsi. Kenako anayamba kusimba za agogo awo aamuna, nkhani imene ine chibadwire sindinaimvepo. Akuti ankachoka kuno ku Nkhotakota wapansi, kukagwira ntchito m'minda ya azungu kummwera, kufuna ndalama ya msonkho wa nyumba. Kwathu kunali mpunga, chinangwa, nsomba, njala kunalibe, koma boma silinkafuna kondowole, linkafuna masheleni. Achimwene anu akuti unali masheleni 3 pa nyumba. Ukalephera, amesinjala ankatha kugwira mkazi wako mpaka ulipire. Amayi anamenya khoma ndi chikhatho, pha pha, n'kunena kuti, ndiye kuti amene ankayendetsa agogo anga ankagona muno. Anawo zii. Ngakhale wa foni uja anaiika m'thumba. Ine mpaka pano ndikakumbukira thupi limachita tsembwe.

Dikirani pang'ono... ayi, usipa tagula kale m'mawa, mubwere mawa. Pepani alamu, ndi wogulitsa nsomba.

Ndimati chiyani paja? Eya, ndiye wachiwiri uja anafunsa kuti nanga Jumbe wathu, mfumu ya Chiswahili ya ku Nkhotakota ija, ankabwera kuno kudzagwada? Bambo ake anati ayi, poyamba ndi Johnston amene anabwera ku Nkhotakota, mu 1889, kudzapangana ndi Jumbe, chifukwa Jumbe anali ndi mfuti, zombo zake panyanja, ndiponso malonda a minyanga ndi akapolo opita ku Kilwa. Mzungu anabwera mofatsa ngati mkamwini. Koma Jumbe ameneyo atamwalira mu 1894, wolowa m'malo mwake sanakhalitse, anamuchotsa n'kumutumiza ku Zanzibar. Apa m'pamene ine zinandigwira manyazi. Tayenda tsiku lathunthu kukaona kumene nkhaniyo inathera, chonsecho ana anga sanaimepo pansi pa mkuyu wa Livingstone uli pa mishoni ya Anglican pompano, pomwe timadutsa popita kuchipatala cha St Anne's. Livingstone anafika kuno mu 1861, nyumba ya ku Zombayo kulibe. Manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895, ali m'tchalitchi momwemo. Titangobwerako Loweruka lake ndinawakoka onse, kabaza wa awiri awiri, kukawaonetsa.

Tsono funso lanu la mafuta. Mukati mupitire nyumba yokhayo, ndikanakuletsani, chifukwa ola limodzi mwamaliza. Koma pafupi pomwepo pali munda wa mitengo ndi maluwa uja unayamba nthawi ya Johnston, mtsinje wa Mulunguzi ukudutsa m'katimo, madzi ozizira ngati a mufiriji. Kumeneko ana anathamanga mpaka kutopa, ife titayala zitenje tikudya mpunga ndi chambo chootcha chomwe tinanyamula. Anyani okha muchenjere nawo, anatilanda nthochi m'manja. Tauni yonseyo ndi yokalamba mokoma, maofesi akale a njerwa zofiira ali mbwee, paja linali likulu mpaka 1975 pamene Kamuzu analisamutsira ku Lilongwe. Mawa lake mukwere phiri. Pali malo amati Emperor's View, pomwe anakaima Haile Selassie wa ku Ethiopia, mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje kukakhala kopanda nkhungu. Ife tinapeza nkhungu, tinangoona zoyera, achimwene anu n'kumaloza m'mitambo kuti Mulanje ali apo. Tinangovomera. M'njira yokwera anyamata amagulitsa masitiroberi, mtengo woyamba musavomere.

Inu muli ndi mwayi, mwatidulira kale makilomita oposa 100. Ife tinanyamuka nkhuku zisanatsike. Inu mukangochoka pa Kamuzu Road m'mawa, kudutsa Golomoti, Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, Machinga, Domasi, nkhomaliro mukadyera ku Zomba. Pa mlatho wa Liwonde ana akhale maso, ife tinaona mvuu. Tayala lapadera mulione bwino musananyamuke, lathu linatiphulikira tisanafike pa Golomoti ndipo jeke tinachita kubwereka kwa wa lole.

China, majuzi. Musanyengedwe ndi kutentha kwa kunyanja kuno. Ana athu anazolowera kugona chitseko chapululu, kumeneko usiku ankanjenjemera ngati anapiye onyowa, amayi mpaka anavala masokosi a achimwene anu. Ndipo ngati mungathe, tengani munthu wamkulu. Amalume a ku Khombedza aja akadali ndi mphamvu, nkhani za thangata amazidziwa, mukawakhazike pakhonde paja muone ngati sayamba okha.

Kapena tichite chonchi: bwerani kuno kaye Lachisanu, ana akaone mkuyu, akasambe ku Mawira madzi otentha aja, mugone, ndiye za ku Zomba mupite sabata inayo. Kondowole ndikanda, musadandaule. Pobwera munditengereko kulaboksi yanga ija munabwereka pa chinkhoswe, ndi miyezi ingati tsopano? Moni kwa abambo a kunyumbako. Foni ikulira batire, ndadula.