Kamangidwe ka chingwe cha parachuti pa roketi

Achimwene, mwafunsa ngati mungangomata chingwe cha parachuti ndi guluu m'kati mwa chubu, monga timachitira pa timaroketi tating'ono. Ayi ndithu, pa mota wa H (chilembochi chimasonyeza mphamvu ya mota) kupita m'mwamba musayerekeze.

Mangani U-bolt (bawuti yopindika ngati chilembo U, yomangirirapo chingwe) pa centering ring (mphete yogwira chubu cha mota pakati pa roketi) yam'mwamba, mawasha mbali zonse ziwiri, manati muwapake guluu wolimba wa epoxy. Musagwiritse ntchito bawuti ya diso longopinda, poti imayasama ikakokedwa mwamphamvu. Ine zinandionekera kuno ku Thyolo: mutu wa roketi unagwera m'munda wa tiyi, ndinausakasaka mpaka dzuwa kulowa, mtima ukuwawa.

Pafupi ndi wonga wotulutsa parachuti ikani Kevlar (ulusi wolimba kwambiri), poti sapsa msanga, kenako lumikizani nayiloni amene amatamukako. Chingwe chitalike kuposa roketi katatu mpaka kasanu. Pamene chikukhudza mlomo wa chubu kulungani tepi mochindikala, apo ayi Kevlar amacheka chubu ngati mpeni.