Njoka ya mwana wanga yathawa m'bokosi, nditani? Yankho kwa mayi wa ku Leicester

Ndalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa kwathu ku Malawi amene akukhala ku Leicester kuno ku England, dzina lawo ndilisunga. Mwachidule akuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 13 amaweta njoka ija amati corn snake, wakhala nayo zaka ziwiri, nde masabata atatu apitawa anadzuka m'mawa kupeza m'bokosi muli mbee, chitseko chagalasi chili chotseguka pang'ono. Afufuza nyumba yonse osaipeza. Mwana sakudya bwino, akungodziimba mlandu kuti ndi iye sanatseke, ndipo achibale akumudzi atamva pa WhatsApp ena aseka, ena ayamba zonena kuti njoka m'nyumba ndi zamatsenga. Akufunsa kuti kodi yafa kale, amuuze chani mwanayu, nanga agule ina?

Mayi, pepani kwambiri. Ndiyambe ndi zoti yafa kapena ayi poti ndi zimene zikukusowetsani tulo. Mmene ndikuonera ine, mwayi waukulu ndi woti ili moyo ndipo ili m'nyumba mwanu momwemo. Masabata atatu kwa njoka si kanthu. Corn snake yaikulu imadya mbewa imodzi pa masiku 7 mpaka 14, ndipo ngati inali yathanzi itha kukhala miyezi osadya, makamaka kukazizira poti thupi lake limangoti zii osafuna zambiri. Zimene zimaipha msanga ndi ludzu, chisanu cha panja, ndi ngozi ngati kupanidwa ndi chitseko kapena kugwidwa ndi mphaka. Oweta njoka ali nazo nkhani zambiri za njoka zomwe zinatulukira patatha miyezi, zowonda koma zamoyo. Nde maliro asayambe kaye.

Kafunidwe kake mwina ndi kamene kakufunika kusintha. Njoka siyenda pakati pa chipinda, imatsata khoma, ndipo ikapeza malo othina, amdima, ofunda, imalowa basi n'kukhala duu olo mudutse pompo kakhumi. Nthawi zambiri siipita kutali, yambani m'chipinda momwe muli bokosimo, kuseli ndi pansi pa bokosi lenilenilo, m'madirowa ndi kuseli kwake, m'nsapato, m'chikwama cha sukulu, pansi pa matiresi. Kenako malo otentha: kuseli kwa fuliji kumene kuli injini, kabati ya boyila, kuseli kwa ladiyeta, pansi pa makina ochapira. Sofa muitembenuze, kansalu kakuda kapansi kaja kakangobooka pang'ono njoka imalowa mkati mwenimweni. Matabwa aja apansi pa makabati a kukhitchini amachoka mukawakoka, unikani ndi tochi mmenemo poti ndi mmene mumadutsa mapaipi. Muyang'anenso m'mwamba, pa makatani ndi pa mashelefu, njokazi zimakwera zedi. Ndipo chonde kwa pano muzisuzumira m'makina ochapira musanayatse, muziona zinyalala musanakataye, ndipo ngati muli ndi sofa yopinda ija aliyense asaipinde kaye.

Imayenda madzulo ndi usiku. Nde musanagone tsekani zitseko zonse, thirani kamzere ka ufa pakhomo la chipinda chilichonse, ufa womwe uja wa nsima ukwanira, m'mawa mukaona mzere wadukizidwa mwadziwa chipinda chomwe ili. Ikani majumbo ophokosera m'mbali mwa khoma, zimitsani TV ndi magetsi, mukhale chete kwa ola limodzi ndi tochi m'manja mukumvetsera. Ikani timbale ta madzi pansi m'mbali mwa khoma m'zipinda zingapo, izi nde zofunika kuposa chakudya. Tenganinso kanyumba kake kaja imabisalamo mukaike pakona pamwamba pa heat mat (kamphasa kamagetsi kofunditsa) yolumikiza ku thermostat (kachipangizo koletsa kutentha kupyola muyezo), pambali pake mbewa yosungunula kuchoka mufiriza, fungo limaikoka. Mbewayo muzichotsa m'mawa isanawole.

Chimene musachite ndi kutchera misampha ya guluu kapena kuika mankhwala a makoswe. Guluu amasenda khungu la njoka, ndipo kuno ku England lamulo la 2022 linaletsa kale anthu wamba kugwiritsa ntchito misampha imeneyo. Mukaipeza itamatirira ku selotepi musakoke, pakani mafuta ophikira pang'onopang'ono imasuka yokha. Maneba auzeni, makamaka ngati nyumba zanu ndi zogundizana zija, aonetseni chithunzi muwauze kuti ilibe poizoni, bola amve kwa inu kusiyana ndi kukumana nayo m'bafa n'kuiphwanya ndi fosholo. Dziwitsaninso bungwe loteteza nyama la RSPCA, mavetenale apafupi, shopu yogulitsa njoka, ndi magulu a pa Facebook a ziweto zosowa a m'dera lanu, poti munthu akaitola ndi kumeneko amakanena.

Za achibale sindikufuna kuwanyoza. Munthu amene anakula akuopa mphiri m'munda, amene anaonapo mnzake atatupa mwendo, mantha ake ali ndi chifukwa. Koma iyi ndi njoka ina. Kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa America, madera a Florida, Georgia ndi Carolina, ilibe poizoni, imagwira mbewa pozikulunga, ndipo kumeneko imapezeka pafupi ndi mosungira chimanga ikusaka makoswe. Zomwe zimagulitsidwa kuno zinaswedwa m'mabokosi momwemo, ndipo ku Britain sipafunika laisensi kuti uwete. Za matsengazo musataye nazo nthawi kukangana pa gulu, ayankheni mwaulemu kamodzi basi, koma mavoisi amenewo mwana asawamve. Ali ndi chisoni kale, asayambenso kuganiza kuti chinthu chimene amachikonda ndi chonyansa pamaso pa agogo ake.

Tsopano mwanayo, ndipo apa mpamene ndikufuna mumvetsetse. Corn snake imadziwika ndi kuthawa, usiku onse imazungulira bokosi ikukankha ndi mphuno paliponse, ndipo chitseko chagalasi chosereleka chopanda loko itha kuchikankha yokha mpaka kupeza mpata. Nde olo zitakhala kuti anaiwaladi kutseka, bokosi la njoka siliyenera kudalira kukumbukira kwa mwana wa zaka 13. Mumuuze mosapita m'mbali kuti, mwanawe, bokosi lija linalibe loko, ndipo kuona zimenezo inali ntchito ya ife akuluakulu. Mwina ayankha kuti ayi ndine, musatope, mubwerezenso mawa.

Mawu oti inali njoka chabe asatuluke m'nyumbamo, ngakhalenso oti usalire tigula ina. Zaka ziwiri wakhala akuisungunulira mbewa, kusintha madzi, kuona maso ake akuchita mbuu ikamayandikira kufundula, kenako kutola chikhungu chathunthu m'mawa. Njokazi zikasamalidwa zimakhala zaka 15 mpaka 20, ndiye m'mutu mwake amadziwa kuti adzakhala nayo mpaka atakula n'kuyamba ntchito. Ndipo kusowa kumapweteka mwina mwake poti sadziwa ngati alire kapena adikire. Mpatseni chochita, akhale ndi iye wothira ufa usiku ndi kuona m'mawa, wosintha madzi m'timbale, koma muike malire, mphindi 20 kapena 30 madzulo zakwana, asamagone 2 koloko akuunika pansi pa makabati mawa kuli sukulu. Aphunzitsi ake muwatsine khutu. Bungwe la Blue Cross lili ndi anthu omvetsera aulere kwa amene ataya chiweto, pafoni ndi pa imelo, ndipo sasankha kuti ndi galu kapena njoka. Koma ngati kusadya ndi kusagonako kupitirira masabata ena, pitani naye kwa dokotala wanu (GP) osazengereza.

Mukaipeza ili zii osagwedezeka musafulumire kunena kuti yafa, njoka yozizidwa kwambiri imaoneka ngati yakufa. Ifunditseni pang'onopang'ono m'bokosi mwake, osati pa ladiyeta kapena m'madzi otentha, n'kuimbira vetenale wodziwa za njoka. Ikakhala yamoyo, madzi kaye, chakudya chidikire masiku angapo ndipo muyambe ndi kambewa kakang'ono. Ikakhala kuti yafadi musamunamize mwana, akafuna kuiona aione, ndipo asankhe yekha kaya kuikwirira kuseli ngati nyumbayo ndi yanu, kaya kupita nayo kumalo otenthera mitembo ya ziweto. Chikhungu chake ngati anasungako musataye pokonza m'chipinda.

Bokosilo likonzeni lero lomwe, osadikira kuti ipezeke. Loko ya zitseko zagalasi zosereleka ndi yotchipa, mapaundi ochepa chabe m'shopu za ziweto, ndipo kiyi akhale ndi malo ake amodzi. Pomwe mutu wa njoka ungalowe, thupi lonse lidutsa, nde yang'anani mpata wa pakati pa magalasi awiriwo, timabowo todutsa mawaya kuseli, ndi tizitsekero tapulasitiki topitira mpweya tija, timeneti timagwa njoka ikakankha, timateni ndi silikoni ya ma aquarium kapena mumange ndi masikuluu. Ngati ndi bokosi lotsekula pamwamba, kusanjika mabuku sikuthandiza, pamafunika zopanira mbali zonse. Selotepi mkati ayi. Onaninso kuti mbali yofunda ili pa madigiri 28 mpaka 30, inayo yozizirirapo, ndipo kuli kobisala mbali zonse ziwiri, poti njoka yosowa pobisala kapena yotenthedwa imalimbikira kwambiri kufuna potulukira. Akamaitulutsa kuti aigwire, chitseko cha chipinda ndi windo zikhale zotseka.

Zogula ina, ine ndinganene kuti dikirani miyezi ingapo ndipo ayambitse yekha nkhaniyo. Akadzafuna, yambani mwafunsa m'malo osungira ziweto zotayidwa, ma corn snake osowa mwini amakhalako ambiri. Kungoti mudziwiretu kuti yakaleyo ikadzatulukira ina itabwera kale mudzafunika bokosi lachiwiri ndi hita yake, poti njokazi siziyenera kukhala ziwiri m'bokosi limodzi. Mundilemberenso mundiuze mmene mizere ya ufa ikuonekera sabata ino, ndipo mutumize chithunzi cha kutsogolo ndi kuseli kwa bokosilo ndikuthandizeni kuona pomwe pali mpata.