Si mabokosi ukufunawo, msuweni

Eee, msuweni... ndikumveka? Ndangoweruka kumene, ndiye mukamva mphepo mundikhululukire, ndikuyenda. Ndauona uthenga wako uja pagulupa. Akuti, ndingawapeze kuti mabokosi apulasitiki otchipa, ndikufuna kulongosola za m'nyumba, za kuntchito ndi za kandalama autumn, nyengo imene kuno kumayamba kuzizira, isanafike. Hehe. Mabokosi. Iwe wemwe uja unatha chaka chonse ku boding'i katundu yense ali m'katoni ya sopo, lero ukufuna mabokosi a zivundikiro?

Chabwino, mabokosiwo pita ku sitolo ya B&M kapena ya IKEA, apo ayi yang'ana pa Facebook Marketplace, anthu akamasamuka amangopereka ulere. Basi, za mabokosi zathera pamenepo.

Koma ine ndaona nthawi imene unautumiza uthengawo. Usiku pakati, mwana wagona, iwe m'mawa uli ndi shifiti. Aaa, ayi. Ine ndinakubereka kumsana iwe, usandinamize.

Taima kaye ndikuuze za autumn, popeza ino ndi yako yoyamba kuno ku Leeds, ku England. Unafika nthawi yabwino, dzuwa likulowa cha m'ma 9 koloko usiku, ukuti kuno ndi kokoma. Zimayamba pang'onopang'ono. Seputembala ana atsegulira sukulu, yunifolomu, nsapato, jekete. Okutobala ukungoona m'nyumba mwazizira, wayatsa heating, ndipo pa 1 Okutobala pomwepo mpamene mitengo ya gasi ndi magetsi amaisintha, paja a Ofgem, bungwe loyang'anira mitengoyo, amaiunika miyezi itatu iliyonse. Ndiye pa 30 Seputembala ujambule mita, utumize manambalawo, kuti asakuwerengere mongoganizira. Kenako Lamulungu lomaliza la Okutobala wotchi ibwerera m'mbuyo ndi ola limodzi. Kumudzi akhala patsogolo ndi maola awiri, osati limodzi ngati pano, ndiye foni za m'mawa zija zizikupeza uli mtulo tofa nato. Pofika Disembala, 4 koloko masana kunja kwada kale bii. Ukupita kuntchito kuli mdima, ukubwerako kuli mdima, ndipo mtima umalema, ndikuuze zoona. Munthu ukalema chonchi sutha kukana chilichonse, ungoti chabwino nditumiza, kuti foni ithe msanga.

Eya... izi zandikumbutsa a malume. A malume anga, bambo ako aakulu iwe, a ku Mponela. Iwe unali wamng'ono, mwina ukungokumbukira chipewa chawo chija ndi ndodo. Ana a pagulupa amene simunawaone, mverani.

A malume ankalima fodya wa bale. Akatumiza mabelo ku Kanengo, ndalama ikatuluka, cha m'ma Juni... ayi, Julayi, chifukwa kunkakhala kukuzizira, ankavala chijuzi chofiira chija anawatumizira achimwene awo... eya, Julayi. Anzawo onse a m'kalabu ndalama ikalowa m'thumba basi, wina wailesi ya ma sipika awiri, wina njinga yatsopano, wina sabata yathunthu osaoneka pakhomo, mukudziwa kale kumene ankakhala. A malume ayi. Asanafike n'kunyumba komwe, ankaima pa tauni pa Mponela pomwepo, kugula feteleza. Wokulitsa uja wa 23:21 ndi wobereketsa, matumba a makilogalamu 50, kuchita hayala ngolo mpaka pakhomo. Mu Julayi! Fumbi lili kobo, chimanga changolowa kumene m'nkhokwe, mvula ili kutali miyezi inayi. Anthu ankaseka, amati mkuluyu mutu sukuyenda, akufuna kuthira feteleza pa fumbi.

Ndiye matumbawo sankawaika kunja, ankawasanja kuchipinda kogona, pa matabwa kuti asakhudze pansi. A anti ankadandaula chaka chilichonse, akuti fungo lake likuwapweteka mutu, akuti anakwatiwa ndi munthu osati sitolo. Usiku wina anatola mphasa kukagona kukhitchini, a gogo mpaka anachita kulowererapo. Hehe, a anti, ngati wina akuseweretsani voice iyi, pepani, koma munatero.

Koma chimene ndikufuna unve si feteleza. Lamulungu lotsatira, akaweruka kutchalitchi, ankaitana anthu onse pansi pa mtengo wa mango uja unagwa. Alongo awo, ife ana a alongo awo, aliyense amene ankadziwa kuti adzawagogodera. Ankatulutsa kope, la ana asukulu lomweli, lachikuto chothimbirira, n'kumawerenga mokweza. Uje, fizi ya teremu yoyamba ndi yachiwiri ndi yanga, yachitatu muone nokha. Mayi a uje, thumba limodzi la wobereketsa, mudzatenge mawa. Iwe, chaka chino palibe, unalandira chatha. Pamaso pa aliyense! Mayi anga ankabwerako atatupa, akuti mlongo wanga ndi wouma manja, amachititsa anthu manyazi. Koma tikafika kunyumba ankayamba kuwerengera mtedza woti agulitse, chifukwa adziwa kale kuti teremu yachitatu ndi yawo, ndipo nthawi ilipo.

Ndiye chaka china, mvula yoyamba itagwa mu Novembala, kunabwera alamu awo, mchimwene wa a anti, pa njinga kuchokera kutali ndithu, thukuta lili kamukamu. Chimanga chamera, feteleza alibe. A malume anawalandira bwinobwino, mpando, tiyi, mbatata, mpaka nkhuku inafa tsiku limenelo. Atatha kudya anakatenga kope lija, n'kuwatsegulira. Akuti alamu, taonani nokha, thumba lililonse lili ndi dzina, nditenge la ndani? Munene ndinu, ine ndikamuuze mwini wake kuti alamu atenga. Munthu uja anangoti zii. Anabwerera ndi nkhuku yotsala yokha m'kambale. A anti sanawalankhule a malume pafupifupi sabata... kapena kupitirira, kaya, ndinali mwana. Koma taonani, Julayi wotsatira dzina la alamu aja linali m'kope, loyambirira penipeni, matumba awiri, ndipo a malume anakawasiyira okha pa ngolo. Mpaka a malume kumwalira, amene ankawatchula ndi ulemu kwambiri anali alamu omwewo. Pamaliro paja amene analankhula mpaka kulephera kumaliza, si iwowo?

Ndipo panali kachitini kena, ka zadzidzidzi, kamene ngakhale a anti sankadziwa pamene kali. Kanatuluka kamodzi kokha ine ndikuona, nthawi ya matenda a gogo ija. Zinazo mukuzidziwa, sindibwereza.

Mmm. Ndafika patali eti? Ndibwerere kwa iwe.

Msuweni, iwe chikukusowetsa tulo si katundu wa m'nyumba. Ndi foni. Ukuona kuti miyezi ikubwerayi ikufinya mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Kuno jekete, heating, basi chifukwa sungayendenso wapansi mvula ikugwa. Kumudzi sukulu nazonso zikutsegulira Seputembala yemweyo, fizi ikufunika, ndipo Okutobala akangolowa aliyense akusosa, akufuna mbewu ndi feteleza mvula isanagwe. Malipiro ako ndi amodzi omwewo. Ndiye chimene ndikukuuza ndi ichi: khala pansi mwezi uno wa Ogasiti, uchotse kaye za kuno zonse mpaka Febuluwale, chotsalacho ugawe, ndipo uwauze anthu panopa kuti uje alandira zakuti, tsiku lakuti. Asadikire kuti adzapemphe.

Ndipo ndayankhira dala pagulu pano, sindinapite ku inbox, kuti a kumudzi nanunso mumve. Sikuti ndikukunenani ayi. Feteleza wakwera zoona, chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu sizinabwererenso, ife tikudziwa. Koma mwanayu akatumiza ndalama ya lendi chifukwa choopa kukukhumudwitsani, amene adzamutulutse m'nyumba sadzafunsa kuti chimanga chabereka bwanji. Ndipo pa visa yakeyo analemba kuti thandizo la boma salandira. Akagwa, wagwa yekha, ndi mwana.

Za kuntchito... aa, zimenezo ndi zachidule. Tchuthi cha Khirisimasi pempha sabata ino, ma rota a Disembala amadzaza msanga ndipo atsopano ndi amene amatsalira. Maola ako uzilemba wekha m'kabuku tsiku lililonse, payslip ikabwera uzifananiza, chifukwa zolakwika zimachitika ndipo palibe adzakukonzere iwe utakhala chete. Komanso usadzaze ma shifiti usiku ndi usana kuti ukwanitse za aliyense, Novembala ndi mwezi wa chimfine, ukadwala ndalama yomwe umathamangirayo ithera pomwepo.

O, ndisanaiwale, kamnyamata kako kakulowa Year 6, kalasi yomaliza ya pulayimale, eti? Fomu yofunsira malo ku sekondale imatseka pa 31 Okutobala, kudzera ku khonsolo. Imeneyo usaiseweretse, ukachedwa amakupatsa sukulu yotsala, mwina yakutali mabasi awiri. Ndipo ukamalankhula ndi a khonsolowo, council tax ija, msonkho wa nyumba uja, amaigawa miyezi khumi, Epulo mpaka Januwale, koma ukhoza kupempha kuti aigawe miyezi khumi ndi iwiri. Ndipo popeza wamkulu uli wekha m'nyumbamo, pali kuchotsera kwa 25 peresenti. Unafunsa? Ndikudziwa sunafunse, iwe ndi manyazi ako aja. Uyatsenso boiler, yotenthetsa m'nyumba ija, panopa kamphindi uone ngati ikugwira, landlord umuuze kusanazizire, chifukwa kukazizira aliyense amaimba tsiku limodzi.

Koma zonsezi ndi zing'onozing'ono, tikhoza kuzichita madzulo amodzi. Chachikulu ndi chija ndanena. Tenga kope, lemba mayina, lemba ndalama, lemba tsiku. Ya feteleza ngati ilipo itumize tsopano, agule asunge, mitengo isanayambe kukwera ndi mizere ya Okutobala. Amene chaka chino palibe, umuuze lero kuti palibe, adandaule lero, akhale ndi miyezi iwiri yofunafuna kwina. Kumuuza mu Novembala chimanga chitamera ndiye nkhanza zenizeni, ngakhale ukanene mokoma bwanji.

Adzakwiya ena, inde. Mwina atuluka ndi pagulu pano kwa masiku angapo, tinazionapo kale nthawi ya chiliza ija. Adzabwerera.

Ndiye wamva, msuweni? Uwauze mu Ogasiti muno, aliyense chake ndi tsiku lake, ndipo kena kapadera usiye pambali kosauza munthu. Loweruka ndili off. Bwera ndi ma payslip a miyezi itatu, kalata ya khonsolo ndi bilu ya gasi, tidzakhale pa tebulo tiwerengere limodzi. Ufa ndili nawo, iwe ungobwera ndi ndiwo, ndipo mwanayo usamusiye, ndili ndi jekete ya mwana wanga imene yamuchepera, adzayese.